Kwa achimwene ofuna kompyuta yojambulira TV ya HD

Achimwene, funso lanu ndinaliona usiku koma ndinati kuyambe kwacha kuti ndikuyankheni modekha, chifukwa ena mwa mayankho amene mwalandira kale angakuonongetseni ndalama. Mwati mumakhala kwa Mpondasi, masiku ambiri mumachezera kunyanja kudikira maboti a usipa, ndiye mpira ndi nkhani za madzulo zimakupitani. Mukufuna kompyuta yoti izikujambulirani yokha, zithunzi zake zikhale za HD, ndipo wina wakuuzani kuti muyambe mwagula graphics card yaikulu ya magemu. Chonde musagule. Ine ndimakonza mafoni ndi makompyuta pa Boma pano ku Mangochi, ndipo yanga yojambulira yakhala ikugwira ntchito kunyumba kwa zaka zingapo popanda khadi yoteroyo.

Chifukwa chake n'chakuti TV ya digito imafika pa eriyo itafinyidwa kale ndi amene akuulutsa. Kompyuta sichita kuikonzanso ayi, imangotola zomwe zikubwerazo n'kumathira pa hard drive, monga munthu watchera ndowa pa mjigo. Fayilo yake imatha ndi .ts ndipo chithunzi chimakhala chimodzimodzi ndi chimene chinaulutsidwa. Ntchito imeneyi ngakhale kompyuta ya kaunjika imaikwanitsa. Pezani Dell OptiPlex, HP EliteDesk kapena Lenovo ThinkCentre zija zimachokera m'maofesi, yokhala ndi Core i3 kapena i5 ya m'badwo wa 6 kapena 7, RAM 8 GB. Mapurosesa amenewa ali kale ndi gawo la Intel lotchedwa Quick Sync, limene limaonetsa mavidiyo ofinyidwa mwa njira za H.264 ndi HEVC bwinobwino. Pa kompyuta nkhani yathera pomwepo.

Pamene pagona nkhani ndi apa: kodi chimene mukufuna kujambulacho chikulowa bwanji m'nyumba mwanu? Anthu amathamangira kugula zida asanadzifunse funso limeneli, kenako amabwera ku shopu kwanga ali ndi katundu m'jumbo woti sangagwire ntchito.

Ngati mumaonera pa dikoda yolipira mwezi ndi mwezi, kaya DStv, GOtv, Azam kapena StarTimes, dziwani kuti matchanelo ake amabwera otsekedwa, ndipo kiyi wake ali m'dikoda ya kampaniyo. Tuner ya pakompyuta (kachipangizo kolandira siginolo ya TV) idzawaona mayina pa mndandanda, koma mukatsegula mudzangoona mdima. Ena amati ingotengani chingwe cha HDMI kuchoka ku dikoda mulowetse mu capture card, khadi yolowetsera chithunzi mu kompyuta. Komatu madikoda oterewa amakhala ndi loko pa HDMI yotchedwa HDCP, yoikidwa dala kuti chithunzi chisakoperedwe. Zingwe zitatu zija, yachikasu, yoyera ndi yofiira, zimatulutsa chithunzi, koma si HD. Choncho ngati mtima wanu uli pa mpira wa ku England wa pa SuperSport, njira yoongoka ndi dikoda yawo yojambula, monga Explora, osati kompyuta. Ndikunena izi poyera kuti musadzandidandaule.

Kompyuta imathandiza pa matchanelo osatsekedwa, kaya obwera pa eriyo kapena pa dishi. Dziko lathu linasankha njira ya DVB-T2 pa TV ya digito ya pa eriyo, imene ambiri timaidziwa ndi dzina la Kiliye Kiliye. Musanatulutse ngakhale tambala, chitani ichi: bwerekani TV ya masiku ano yolembedwa DVB-T2 kumbuyo kapena pa katoni, ilumikizeni ku eriyo popanda dikoda, muisakitse matchanelo muli kunyumba kwanu komweko. Tchanelo chilichonse chimene chaoneka, kompyuta idzachijambulanso. Chimene chabwera ndi kachizindikiro ka kiyi kapena mawu akuti scrambled, kompyuta nayo idzalephera. Ndikuti muyese kwanu chifukwa boma lathu lino si lathyathyathya lonse. Zimene akugwira wa pa Boma si zimene angagwire wa kuseri kwa mapiri ku Namwera kapena wa ku Monkey Bay.

Ndiye pali nkhani ya HD yomweyo. Tchanelo chikamaulutsidwa pa SD, kutanthauza 720x576, kompyuta ngakhale yodula bwanji singachisandutse HD ya 1920x1080. Mukajambula kachidutswa, katseguleni mu pulogalamu yoonera mavidiyo ya VLC, dinani Tools kenako Codec Information, manambala ake muwaona. Musadabwe mukapeza kuti zambiri za kwathu kuno si HD. Ine zimenezi sizindidetsa nkhawa, chifukwa SD yojambulidwa mwachindunji pa siginolo yabwino imaoneka bwino kuposa mavidiyo aja timatumizirana pa WhatsApp. HD yeniyeni yaulere imapezeka kawirikawiri pa setilaiti, makamaka matchanelo a nkhani ndi a zachipembedzo. Anthu ambiri kuno amalozetsa dishi ya 90 cm ku Intelsat 20 pa 68.5°E. Mukasankha njira imeneyo, tuner yake ikhale ya DVB-S2, ndipo LNB (kamutu kakutsogolo kwa dishi kaja) ikhale ya makomo awiri ngati dikoda ya pabalaza mukuifunabe, chifukwa chingwe cha dishi sitigawa ndi kasipulita wamba.

Za tuner tsopano, ndipo apa mumvetsere, poti ine ndinapsapo. Mbale wanga ananditumizira yabwino zedi kuchokera ku America, ndinasangalala, koma nditaika sinagwire olo tchanelo chimodzi. Kumeneko amagwiritsa ntchito njira ina yotchedwa ATSC, yosagwirizana ndi yathu. Ilipo mpaka lero m'kabati. Msampha wina ndi timatuner totchipa tolembedwa DVB-T basi, popanda 2 kumapeto. Timeneto ndi takale, T2 sitiiona. Mwayi wathu ndi wakuti South Africa nayo ili pa DVB-T2, ndiye abale athu a ku Joni angathe kukugulirani yoyenera. Muwalembere dzina lake lenileni, asangouza wogulitsa kuti ndikufuna TV card. Za pa USB zodziwika ndi Hauppauge WinTV-dualHD ya ku Ulaya, yomwe ili ndi matuner awiri, ndi MyGica T230C. Zolowa m'kati mwa kompyuta pali za TBS, monga 6281 ya eriyo ndi 6903 ya dishi. Kompyuta yanu ikakhala yopyapyala ija, onetsetsani kuti khadiyo yabwera ndi kachitsulo kafupi komangira, apo ayi chivundikiro sichitseka.

Kanthu kena kosangalatsa: pa digito matchanelo angapo amayendera limodzi pa frequency imodzi. Ndiye tuner imodzi yokha ingathe kujambula mpira uku ikujambulanso nkhani pa tchanelo china, bola onsewo akhale a mtolo umodzi.

Eriyo musaipeputse. Ikhale ya panja ya UHF, pa paipi yachitsulo yomangidwa zolimba, osati pa nsungwi yotsamira mtengo wa mango. Mwera ukayamba mu June mpaka August umaitembenuza pang'onopang'ono, ndipo inu muli kunyanja simungadziwe mpaka mutabwerako n'kupeza fayilo yongodukaduka. TV yakale siginolo ikachepa inkachita mchenga koma munthu n'kumaonerabe. Ya digito imaphwanyika timabokosi kenako n'kuima. Chingwe chikhale RG6 chopanda mfundo pakati, polumikiza panja mukulunge tepi madzi asalowe. Pa mizere iwiri ija imaoneka posaka, strength ndi quality, khulupirirani quality. Booster (kachipangizo kokweza siginolo) imakweza ndi phokoso lomwe, choncho yambani mwakweza eriyo ndi kuilozetsa bwino.

Malo osungira tiwerengere limodzi. Tchanelo cha HD choyenda pa 8 Mbps chimadya pafupifupi 3.6 GB pa ola. Masewero a Bullets ndi Manoma, kuphatikiza kupuma ndi zokambirana, ndi maola awiri, kutanthauza 7 GB ndi kanthu. Hard drive ya 2 TB ingasunge maola oposa 500 a zoterezi, ndipo SD imadya pang'ono kwambiri kuposa apa. Ikani SSD yaing'ono ya 120 GB kapena 240 GB yoti izinyamula Windows kapena Linux, mavidiyo azipita pa hard drive yakeyake. Zimene amaika m'makamera a chitetezo, monga WD Purple kapena Seagate SkyHawk, zinapangidwira kulemba usana ndi usiku. Apa pokha ndiye musagule ya kaunjika. Ndipo isafomatidwe pa FAT32, chifukwa imeneyo silola fayilo yoposa 4 GB. Mpira udzadukira m'chigawo chachiwiri. Pa Windows ikani NTFS, pa Linux ext4.

Tsopano mdani wathu weniweni kuno ku Mangochi: magetsi ndi kutentha. Kompyuta yojambulira imagwira ntchito mwini wake kulibe, ndiye iyenera kudzisamala yokha. Lowani mu BIOS (masetingi a kompyuta olowamo ikangoyaka) mupeze pamene alemba AC Recovery kapena Restore on AC Power Loss, musankhe Power On, kuti magetsi akathima n'kuyakanso nayo izidzuka yokha. Sinthani kabatire kozungulira ka CR2032 pa motherboard tsiku lomwe mwagula. Pa makompyuta akale kamakhala katatha, ndipo magetsi akathima wotchi imabwerera zaka zammbuyo. Pulogalamu yojambulira imadalira wotchi, ndiye idzakhala chete nthawi ya mpira ikudutsa. Nthawi muike ya kwathu, UTC+2, pa Linux imatchedwa Africa/Blantyre.

UPS (batire yogwirizira kompyuta magetsi akathima) ndi yofunika, koma tisanamizane: yaing'ono ija imangokupatsani mphindi zochepa zoti kompyuta izime bwino hard drive isaonongeke. Siingakufikitseni kumapeto kwa masewero. Ngati muli kale ndi sola ndi batire, apo ndiye pabwino, chifukwa kompyuta yotere ikangojambula chabe, TV itazima, imadya mawati cha m'ma 20. Mukawerengera usana ndi usiku mwezi wathunthu ndi mayunitsi 14 kapena 15. Kompyuta ya magemu imene anakuuzani ija ikanamaliza batire usiku usanafike pakati. Inveta ikhale ya pure sine wave. Zotchipa zija zimalizitsa power supply.

Dzinja likafika, mphenzi imalowera ku chingwe cha eriyo, osati ku soketi kokha. Ine inandiotchera tuner ndi khomo limodzi la USB usiku umodzi, kompyuta ili chizimire. Kuyambira pamenepo paipi ya eriyo ndinailumikiza ndi waya wokhuthala ku chitsulo chokhomera pansi, ndipo mitambo ikada kwambiri ana amadziwa kuti azule chingwecho.

Kutentha kwa October ndi November mukukudziwa nokha. Musaitsekere m'kabati ya TV ya magalasi, ndipo amayi akunyumba muwapemphe asaifunditse kansalu koluka kaja. Ikhale pamwamba, osati pansi pomwe pamadutsa tsache, kumbuyo kwake kukhale mpata. Miyezi iwiri iliyonse itseguleni muipemerere fumbi, muonenso ngati analimata ndi nyerere sanamangemo. Hard drive ikamapitirira madigiri 45 nthawi zonse, onjezani fani. CrystalDiskInfo imakuonetsani kutentha kwake ndipo ndi yaulere.

Pulogalamu yojambulira: malangizo akale a pa intaneti adzakuuzani za Windows Media Center, koma imeneyo Microsoft anaichotsa pomwe Windows 10 inatuluka mu 2015. Ngati munazolowera Windows, ikani NextPVR, siivuta. Ine ndimakonda Tvheadend pa Ubuntu chifukwa imatha miyezi osafuna munthu, ndipo mumailamulira pa foni muli pa Wi-Fi ya m'nyumba, polemba adiresi ya kompyutayo ndi 9981 kumapeto. Matuner ena pa Linux amafuna kafayilo ka firmware kuti adzuke, ndipo a TBS kawirikawiri amafuna kuikanso madiraiva kernel (mtima wa Linux) ikasintha, choncho zikayamba kuyenda musamangodina update. Posaka matchanelo, frequency muikopere pa TV munabwereka ija, bandwidth muike 8 MHz. Poonera ikani pulogalamu yotchedwa Kodi, ndipo m'masetingi ake muyatse deinterlace, chifukwa pa HD ya 1080i popanda imeneyo mpira ukamathamanga osewera amaoneka ndi mano a chipeso m'mbali. TV ikhale pa 50 Hz, osati 60, kuti chithunzi chisamanjenjemere.

Ndandanda ya mapulogalamu imene imabwera ndi siginolo musaidalire kwambiri. Ikani nthawi ndi manja, muyambitse mphindi 5 isanakwane, muonjezere mphindi 30 kumapeto, pa mpira wa chikho 45, poti pamakhala mapenate.

Wina mu gulu muno wafunsa ngati zojambulazo angamazigulitse pa mafulashi kapena kuonetsa ku video show. Ayi ndithu. Kusungira banja lanu kuti muonere mukabwerako ndi nkhani ina, koma kuchita nazo malonda kumafuna chilolezo cha eni ake, ndipo a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa zaluso, alipo chifukwa cha zimenezo.

Ndisabise, pali njira yachidule: madikoda ambiri a DVB-T2 ndi a dishi yaulere ali ndi khomo la USB lojambulira. Ngati mukungofuna pulogalamu imodzi pa tsiku, imeneyo ikukwanirani. Kompyuta imapambana mukafuna matchanelo awiri nthawi imodzi, kusunga zambiri mwadongosolo, ndi kuonera pa foni kuchipinda ana ali pa TV.

Sabata ino ingobwerekani TV ija musake. Mujambule chithunzi cha mndandanda wa matchanelo amene atuluka ndi china choonetsa strength ndi quality, muziike pansi pa yankho lino. Ndikaziona ndikuuzani ngati muitanitse tuner ya eriyo kapena ya dishi abale a ku Joni asananyamuke.