Chiphaso sichingachotse Canter pageti panu

Achemwali, mwadandaula kuti aneba anu amaimika galimoto pageti panu n'kukutsekerani, ndipo mukuona ngati chiphaso choimikira galimoto chingathandize. Nkhani iyi ikangotchulidwa ine mtima umachita kuthamanga, ndiye mundipirire ndilemba zambiri. Zoti akhonsolo ayambe kugulitsa ziphaso zoimikira galimoto m'misewu ya m'malokeshoni monga amachitira kwa mng'ono wanu ku London, musaikepo mtima. Aneba anu akukutsekerani getiwo nawonso amakhala mumsewu womwewo. Chiphaso chikabwera adzakhala oyamba kukagula, ndipo azidzakutsekerani ali ndi risiti m'thumba.

Ife tinkachita lendi cha ku Kalonga ku Mangochi, nyumba ya mpanda wa njerwa, geti limodzi, kamsewu kake kafumbi koti magalimoto awiri kupatukirana mpaka wina alowe m'ngalande. Aneba athu ankachita geni ya usipa, kukapikula ku Makawa ndi ku Monkey Bay n'kukagulitsa ku Limbe. Canter yawo siinkalowa kumpanda kwawo, geti linali laling'ono, ndiye inkagona panja. Poyamba ankaiimika cha kumbali. Mvula itayamba kumbali kuja kunachita matope, anayamba kuisendeza pang'onopang'ono mpaka inafika pageti pathu penipeni, poti ndi pamene panali polimba. Polimba chifukwa ine ndinathirapo zidutswa za njerwa ndi ndalama zanga. Ndikadandaula ankangoti, "Aneba musadandaule, dalaivala amanyamuka m'bandakucha, simudzaiona n'komwe."

Usiku wina mu February magetsi anali atazima, mvula ikukhuthuka. Mwana wathu wotsiriza, wazaka zitatu nthawi imeneyo, anali atatentha thupi kuyambira madzulo, tinamupatsa panado n'kuti tikaonana ndi adokotala kukacha. Cha m'ma 1 koloko amayi ake anakuwa kukuwa koti mpaka lero ndimakumva. Mwana wauma gwaa, maso atembenuka, thovu kukamwa, timanja tikungonjenjemera. Ndinathamanga chosavala malaya, kuliza Sienta, kutsegula geti. Chimene ndinaona ndi thayala la Canter, matumba a usipa atafunditsidwa tenti ya buluu, madzi akutsetsereka, fungo lija likulowa mpaka kukhosi. Mpata wotsala unali woti munthu adutse cham'mbali basi.

Ndinamenya geti la aneba ndi mwala mpaka agalu a mtaunda wonse anadzuka. Anatuluka mnyamata wantchito akutikita m'maso, akuti bwana apita ku Namwera, makiyi ali ndi dalaivala, dalaivala amagona kutsidya kwa mlatho ku M'baluku. Nambala yake? Anandipatsa. Foni yozimitsa. Ndinaimbanso, yozimitsa. Kuimbira bwanayo, ikungoitana osayankha. Anyamata olondera m'dera anabwera ndi matochi, tinayesa kukankha, koma galimoto yodzaza katundu, ili mu giya, mwala pathayala, mapazi akungoterera m'matope. Wina akuti tiswe galasi, wina akuti ngakhale tiswe chiwongolero ndi chokhoma. Apo Sienta yanga ikulira kumpanda, nyali zikuwalira pa tenti ija, mafuta alimo, chipatala chili pamtunda woti pagalimoto sumaliza n'komwe kuuza munthu nkhani. Amayi ake sanadikire zokambiranazo. Anamubereka mwana, kudutsa pakampata kaja, kulowa m'madzi opanda nsapato, ine pambuyo ndi tochi ya pafoni.

Kabaza usiku ngati umenewo mukamupeza kuti? Anatipulumutsa ndi bambo wina wa njinga yamoto amene timangopatsana moni kumsika. Tinamugogodera, sanafunse zambiri, anangovala jekete n'kukweza mayi ndi mwana. Ine ndinatsatira wapansi ndikuthamanga, ndipo njira yonse ndinkangoganiza kuti ndikakafika ndikapeza akulira. Anamwino anamulandira msanga, anati ndi malungo, anamuika dripu. Mwanayo anachira, pano ali kusukulu, Mulungu ndi wamkulu.

Koma mverani za m'mawa mwake. Ndikubwera kuchipatala kudzatenga zovala ndi phala, maso ali psuu, ndinapeza Canter ikadali pompo, aneba afika kuchokera ku Namwera akumwa tiyi pakhonde. Ndinkayembekeza mawu amodzi okha, pepani. Iwo akuti, "Achimwene, msewu ndi wa boma uwu. Komanso ine malo amenewa ndimalipira mwezi ndi mwezi." Kulipira kwa ndani? Kwa alandilodi athu! Bambo amene anatikwezera lendi ponena kuti nyumba yawo ili ndi poimika galimoto, ndi omwewo ankalandira ya parking kwa aneba, ya malo a kunja kwa mpanda, msewu umene si wawo, akuugulitsa ngati munda wa makolo awo. Anali ndi kakope kolembamo ndithu, deti ndi siginecha. Nditawafunsa anayankha kuti iwo anangovomera zoti aziimika pafupi, zoti pageti sanadziwe. Munthu amabwera kudzatenga lendi tsiku loyamba la mwezi osaphonya, amadutsa pakampata komwe kaja cham'mbali mimba ikukhuza Canter, lero akuti sanadziwe. Nkhani itapita kwa amfumu anati ndife anansi tikhululukirane, aneba aziimika bwino. Anaimika bwino mpaka mvula yotsatira. Ife tinasamuka, ndipo dipoziti yathu mpaka pano ikadali m'thumba mwa bambo aja, akuti tinawononga penti.

Ndiye mukamanena za chiphaso ine ndimaona kakope kaja. Pepala linalipo, ndalama inkalipidwa, mwana wanga anapitabe kuchipatala pa njinga mvula ikumumenya.

Mufunseni bwino mng'ono wanuyo mmene zimayendera kumeneko. London ili ndi makhonsolo ang'onoang'ono opitirira 30, lililonse lili ndi mitengo ndi malamulo ake. Amadula dera, kujambula mizere mumsewu, kuika zikwangwani zonena maola, ndipo m'maola amenewo woimika ndi yekhayo amene ali ndi chiphaso cha dera limenelo. Cholinga chake ndi kuthamangitsa obwera, aja amasiya galimoto pakhomo pa eni n'kukakwera sitima kapena kukagwira ntchito tsiku lonse. Chiphasocho sichikupatsani malo anuanu ayi. Mukafika mochedwa mupeza podzaza, muzungulira mpaka msewu wachitatu, chiphaso chili chomwecho. Chimene chimachotsa galimoto pageti la munthu kumeneko ndi lamulo lina loletsa kutseka polowera, komanso anthu olembedwa ntchito oyendera misewu n'kumalemba chindapusa. Popanda anthu amenewo pepala ndi pepala.

Kuno mzere mukaujambula pati, pafumbi? Misewu yambiri ya ku Soko, ku Mpondasi kaya kwathu kuja ilibe n'chikwangwani cha dzina chomwe. Ku Blantyre ndi ku Lilongwe amatolera ndalama za parking, inde, koma ndi m'kati mwa tawuni masana, pamene pali mashopu ndi mabanki. Sindinaonepo wotolera akuyenda ku Ndirande 1 koloko usiku kuona ngati geti la munthu latsekedwa. Nanga alendo? Kumeneko mlendo amamugulira kachiphaso ka maola. Kuno kugwe maliro, tiike masamba pamsewu, magalimoto abwere kuchokera ku Lilongwe, ku Zomba, ena ku Joni, ndani angayerekeze kufunsa anamfedwa chiphaso? Sadaka, chinkhoswe, Eid, msewu wonse umadzaza ndipo tonse timamvetsa. Kumene ndikuona kuti zingathandize ndi kwa anzathu okhala pafupi ndi msika ndi depoti, amene m'mawa amapeza maminibasi ndi ma Sienta odikira pasenjala atandandika pakhomo pawo. Amenewo vuto lawo ndi obwera, lanu ndi mnansi.

Chondiseketsa n'chakuti magalimoto tikukanganiranawa, ma Sienta, ma Passo, ma Canter omwewo, ambiri ndi ochokera ku Japan. Kwawoko kuyambira 1962 pali lamulo loti usanalembetse galimoto uyambe waonetsa kupolisi kuti uli ndi poisunga, masiku ano pamalo osapitirira makilomita 2 kuchokera pamene ukukhala, ndipo kuigoneka mumsewu usiku wonse ndi mlandu. Galimoto imakula ndi mwambo kwawo, ikangodutsa pa Songwe mwambo wonse umatsala pachipata. Ife timayamba kugula, zoti igona pati timaganiza ikafika pakhomo. Zikanakhala kwa ine, wa lole ndi wa Canter aliyense bwenzi akuonetsa kaye pogoneka asanapatsidwe mapepala.

Tsono inu chitani izi. Musayambe ndi ndewu, munthu ameneyo ndi amene adzayambe kufika mukadzaona zovuta, ngakhale wanga uja sanafike. Pitani ndi amuna anu kapena achimwene anu madzulo, mukhale pansi, muwauze kuti nkhani si kunyada ndi geti koma matenda a usiku. Mutenge nambala ya amene amagona ndi makiyi, osati ya bwana yokha, ndipo muumirire kuti kiyi wina azigona m'nyumba mwawomo. Akapitiriza, jambulani zithunzi zooneka nambala ya galimoto ndi geti lanu, mupite nazo kwa amfumu kapena abuloko lida, zikakanika kupolisi ya pamsewu. Zolankhula pakamwa zokha anthu amakana, mulembetse.

Zoika miyala mumsewu zimene anthu ena akukulangizani ine sindikugwirizana nazo, msewu si wanu, wa njinga akadzagwerapo usiku mlandu ndi wanu. Ngakhale kunena zoona kumene ndikukhala panoku ndinaika matayala akale awiri othira simenti mbali iyi ndi iyo ya geti, ndinawapaka laimu kuti azioneka, ndipo palibe anaimikapo chiikireni. Muone nokha. Njira ina ndi kuwapitirira, muziimika yanuyo kunja pageti panu iwo asanafike, yoloza kumsewu. Koma batire muzichotsa, magalasi a m'mbali muwadinditse nambala, apo ayi kukacha mupeza chigoba. Ngati pafupi pali filling station kapena malo ogona alendo okhala ndi mlonda, kambiranani naye, kangachepe pamwezi, igone kumeneko masiku amene mwana sakupeza bwino. Nambala ya wa kabaza wodalirika mmodzi ikhale mufoni ya aliyense m'nyumbamo, ngakhale ya wantchito.

Ndipo musanapite kwa amfumu fufuzani kaye mwakachetechete ngati eni nyumba yanuyo sakulandirapo kanthu. Funsani mnyamata wantchito wa anebawo, amenewo amadziwa zonse.