Mawu a Chingerezi Amene Amayendera Limodzi: Yankho kwa Mayi Amene Anandilembera

Mayi wina amene amagwira ntchito ya ulembi wanditumizira imelo sabata yathayi. Akuti matanthauzo a mawu a Chingerezi amawadziwa, malamulo a chiyankhulocho anawaphunzira bwino, koma bwana wawo amawabwezera makalata n'kungonena kuti sakumveka ngati Chingerezi. Afunsa chifukwa chimene timanenera "make a decision" osati "do a decision", komanso lamulo limene angaloweze kuti asamaphonye.

Mayi, funso lanuli landikhudza kwambiri, chifukwa pa zaka zimene ndinkathandiza ophunzira achikulire kulemba Chingerezi, vuto limeneli ndinkaliona pafupifupi tsiku ndi tsiku. Sindiiwala bambo wina wakhama amene ankabwera ndi kope lokhuthala, lopindika m'makona chifukwa chogwiridwagwiridwa. Tsamba lililonse analigawa pakati ndi mzere, kumanzere liwu la Chingerezi, kumanja tanthauzo lake m'Chichewa, ndipo ankaloweza mawuwo m'mawa asanapite kuntchito. Tsiku lina anabwera ndi chimangirizo chimene mphunzitsi wina anachichonga. Pa chiganizo chakuti "strong rain destroyed the bridge" panali mzere wofiira pansi pa liwu loyamba, popanda ndemanga iliyonse. Bamboyo anatsegula kope lake, n'kuloza pamene analemba kuti "strong" ndi "-amphamvu", kenako anandifunsa modekha ngati mvula yamphamvu ili ndi dzina lina. Kunena zoona, iye sanaphwanye lamulo lililonse la galamala. Mfotokozi anali pamalo pake, mneni analinso m'nthawi yoyenera. Vuto linali lakuti eni chiyankhulocho amati "heavy rain", pamene mphepo amaitchula kuti "strong wind", ndipo palibe lamulo limene limalongosola chifukwa chake mvula imalemera pamene mphepo ili ndi mphamvu. Anakhala chete kwa kanthawi akuyang'ana masamba ake aja, ndipo ndinamumvera chisoni chifukwa khama lake lonse linathera pa theka la ntchito.

Ndikunena mosapita m'mbali kuti kaphunzitsidwe kopatsa ophunzira ndandanda wa mawu paokhapaokha n'kolakwika, ndipo mphunzitsi kapena bwana amene amangolemba mzere wofiira osatchula mawu oyenera sakuthandiza munthu. Wophunzira amachoka akuganiza kuti mutu wake ndi wouma, pamene chimene wamanidwa ndi chidziwitso chapafupi: liwu sulidziwa mokwanira mpaka utadziwa mawu amene limayenda nawo.

Zimenezi si za Chingerezi chokha. Ifenso timati kugwira ntchito ngakhale kuti palibe chimene tikugwira ndi manja, timati kupalamula mlandu, kuimba foni, kuchita manyazi, ndiponso kumwa mankhwala ngakhale atakhala mapiritsi. Mlendo atanena kuti "ndapanga mlandu" kapena "ndameza mankhwala a m'mawa" tingamumve ndithu, koma khutu lathu lingadziwe kuti china chake chasokonekera. Ndiye tikamalemba Chingerezi timanyamula maubwenzi a mawu athuwa n'kuwasamutsira kumeneko osazindikira. N'chifukwa chake mumaona "drink medicine" pamalo pa "take medicine", kapena "open the radio" pamalo pa "turn on the radio". Wolembayo amakhala kuti waganiza molondola, kungoti waganiza m'chiyankhulo chimene mawu ake amasankha anzawo ena.

Akatswiri a ziyankhulo amatcha kuyendera limodzi kumeneku kuti collocation, ndipo n'zochititsa chidwi kuti mmodzi mwa anthu oyamba kuifufuza nkhaniyi mozama anali mphunzitsi wa alendo. Harold Palmer, Mngerezi amene ankagwira ntchito ku Tokyo, anatulutsa lipoti la mawu oterewa mu 1933, ataona kuti ophunzira a ku Japan ayenera kuwaphunzira athunthu ngati liwu limodzi. Mu 1957 katswiri wa ziyankhulo wa ku Britain, J. R. Firth, analemba chiganizo chimene chimatchulidwa mpaka lero, chakuti "You shall know a word by the company it keeps", kutanthauza kuti liwu umalidziwa poona anzake amene limayenda nawo. Makompyuta atabwera, John Sinclair ndi anzake ku yunivesite ya Birmingham anasonkhanitsa mamiliyoni a mawu olembedwa ndi oyankhulidwa, ndipo mu 1987 anatulutsa mtanthauziramawu wa COBUILD wochokera pa zimene anthu amanenadi. Pofika 1994 nkhokwe ya British National Corpus inali itamalizidwa, ili ndi mawu pafupifupi 100 miliyoni. Kafukufuku wa mtundu umenewu anaonetsa chinthu chimene ngakhale eni chiyankhulo sankachitchula, chakuti mawu ena amakonda zoipa. Mneni "cause" nthawi zambiri amatsatidwa ndi "damage", "trouble", "pain" kapena "death", choncho mukalemba kuti ulendo wa alendo "caused great success", owerenga amamva kachilendo ngakhale sangathe kufotokoza. Chimodzimodzinso "commit", amene pa tanthauzo lochita kanthu amayenda ndi "crime", "fraud" ndi "murder".

Pali chinthu chinanso chimene chimandipweteka mtima. Ophunzira ambiri amathera nthawi yawo pa zining'a zokometsera monga "raining cats and dogs", zimene munthu angagwire ntchito muofesi moyo wake wonse osazilemba ngakhale kamodzi, pamene mawu wamba ngati "meet a deadline", "raise an issue", "reach an agreement" ndi "pay attention" palibe amene anawaphunzitsa mwadongosolo. Ine ndimakhulupirira kuti Chingerezi chabwino cha munthu wogwira ntchito chimaoneka pa mawu wambawa. Kalata yodzaza ndi zining'a koma yosokoneza aneni ang'onoang'ono imaoneka yofooka kuposa kalata yosavuta imene liwu lililonse lili ndi mnzake woyenera.

Za mawu amene sasinthika

Maubwenzi a mawuwa salimba mofanana. Ena ndi omasuka, moti mukhoza kunena "make a decision", "reach a decision" kapenanso "take a decision", zimene zimamveka kwambiri ku Britain, ndipo mukhoza kulowetsa mfotokozi pakati n'kunena "make a difficult decision". Ena analimbiratu, sasuntha. Mumati "black and white", "sooner or later", "back and forth", ndipo mukatembenuza dongosolo lake zimamveka zachilendo ngakhale tanthauzo silinasinthe. Pakati pa magulu awiriwa pali mawu amene amasintha mbali zina zokha: mu "make up your mind" mneni amatsatira nthawi ndipo mlowam'malo amatsatira mwini nkhani, choncho timati "she made up her mind", koma simungachotse "mind" n'kuikapo "brain".

Kwa inu amene mumalemba makalata, samalani kwambiri ndi aperekezi, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amapunthwa. Timati "depend on", "interested in", "responsible for" ndi "comply with". Mneni "discuss" safuna "about" pambuyo pake, ngakhale kuti dzina "discussion" limamulandira. Timati "cope with" popanda "up" pakati. Ndipo chiganizo chotsekera kalata chija ndi "I look forward to hearing from you", osati "to hear", chifukwa "to" ameneyu ndi mperekezi, ndipo mperekezi amatsatidwa ndi dzina kapena mneni wothera ndi "-ing".

Tsopano funso lanu lenileni. Kawirikawiri "make" amayenda ndi chinthu chimene chikutuluka m'zochita zanu, monga "a decision", "a mistake", "a complaint", "an appointment" ndi "progress", pamene "do" amayenda ndi ntchito imene ikugwiridwa, monga "homework", "business", "research" ndi "the filing". Chimenechi ndi chizolowezi chabe, si lamulo, pakuti timatinso "do harm" ndi "do someone a favour". Choncho yambirani pa dzina. Sankhani mayina amene amabwerabwera m'makalata anu, monga "meeting", "report", "payment" ndi "complaint", dzina lililonse mulipatse tsamba lake, ndipo pansi pake muzilemba aneni ndi afotokozi amene mwawaona nalo powerenga, pamodzi ndi chiganizo chonse chimene mwawapezamo. Pa "meeting" mudzapeza "hold", "call", "attend", "chair" ndi "postpone". Oxford Collocations Dictionary, imene inatuluka koyamba mu 2002, inakonzedwa m'njira yomweyi ndipo ingakufupikitsireni ntchito. Kalata ikadzabwereranso, apempheni bwana anu mwaulemu kuti aloze mawu enieni amene awakhumudwitsa, kenako fufuzani dzina limene lili pamenepo kuti muone mneni amene limayenda naye.