Za mitu ya mapini pa mpeni wopinda wa agogo anu

Achimwene, mwafunsa za kuchotsa dzimbiri, za kunola, komanso za mmene mungamalizire mitu ya mapini atsopano (timisomali togwira zigawo za mpeni pamodzi) pa mpeni wopinda wa chigwiriro cha fupa umene agogo anu anasiya. Za dzimbiri ndi kunola ena ayankha kale, ndipo ine ndiyankha za mapini zokha, chifukwa ndi pamene mipeni yambiri yakale imawonongekera m'manja mwa anthu amene amafuna kuikonza. Amene wakulangizani kuti mudule msomali wamba, muukhome mwamphamvu kenako mupale ndi galayinda, ayenera kuti anazolowera mipeni ya chigwiriro cha mtengo monga Okapi, imene imapirira nkhanza zotere. Fupa lakale silipirira ngakhale pang'ono.

Ndikunena zimenezi chifukwa zinandichitikira. Malume anga anandipatsa mpeni wawo wopangidwa ku Sheffield ku England kuti ndiubwezeretse pini yapakati, imene imagwira sipuling'i, kachitsulo kogwira mpeni ukatseguka kapena ukatsekeka. Ndinasiya pini yaitali kwambiri kunja kwa chigwiriro, ndipo pofuna kuti mutu upangike msanga ndinamenya ndi hamala yaikulu. Pini ija inafufuma m'kati mwa bowo m'malo mofufuma kunsonga kokha, ndipo ndinangomva kaphokoso kakang'ono kuti the, mng'alu n'kuyenda kuchokera pabowo mpaka m'mphepete mwa fupa. Ndinaumata ndi guluu, koma mzere wakuda uja ukuonekabe mpaka lero, ndipo mtima umandipweteka nthawi zonse malume akautulutsa m'thumba.

Choncho musanagwire hamala, onetsetsani kuti bowo la pafupa ndi lokulirapo pang'ono kuposa pini, moti pini izilowa popanda kuikakamiza. Mukaidula, mbali iliyonse itsale kunja pafupifupi theka la kunenepa kwa piniyo. Ngati ndi ya mamilimita 1.6, chotsala chisafike milimita imodzi. Nsonga yake muipale ndi tupa kuti ikhale yafulati, chifukwa nsonga yodulidwa ndi pulayala imakhala yosongoka ndipo imapindikira mbali imodzi ikamenyedwa. Kuti tupa asakande fupa, boolani kachidutswa ka chitini chopyapyala, mukaveke papini, ndipo muzipala pamwamba pa kachitiniko.

Pomenya, gwiritsani ntchito hamala yaing'ono ya mutu wobulungira, ndipo mbali ina ya pini itsamire pachitsulo cholemera chosalala, fupa lisakhudze chitsulocho. Menyani mopepuka kwambiri, mozungulira m'mphepete mwa nsonga ya pini osati pakati pake, ndipo mukamenya kangapo mutembenuze mpeni kuti mbali zonse ziwiri zikulire limodzi. Pini imodzi ikhoza kufuna kugogoda kochuluka ndithu, koma palibe chothamangira. Mukaona kuti chigwiriro chasiya kugwedera ndipo pini siikuzunguliranso, lekani pomwepo, chifukwa kumenya kumodzi kowonjezera ndi kumene kumang'amba fupa.

Mutu wa pafupa uyenera kukhala wotumphuka ngati kadontho, monga mmene mafakitale akale ankausiyira. Iwo ankaupanga ndi kachitsulo kokhala ndi kadzenje kunsonga, kotchedwa spinner, kamene kamazungulira m'makina oboolera n'kumapinda chitsulo cha pini mpaka chibulungire. Kachitsuloka kamagulitsidwa ndi ogulitsa zipangizo za opanga mipeni kunja, ndipo mukaphatikiza mtengo wotumizira mudzapeza kuti mwalipira zoposa mtengo wa mpeni watsopano wamba, motero pa mpeni umodzi sindingakulimbikitseni kugula. Panchi ya akalipentala yomizira misomali, ija yokhala ndi kadzenje kunsonga, imathandiza mokwanira: mukamaliza ndi hamala, iikeni pamutu wa pini, mugogode pang'ono uku mukuitembenuza ndi zala. Ngati mungapezebe spinner, samalani ndi kutentha, ndipo musaiyandikize n'komwe pachigwiriro cha celluloid, pulasitiki yakale imene imagwira moto mosavuta.

Pini imene mpeni weniweniwo umapindikira ili ndi malamulo ake. Imeneyi imadutsa m'zitsulo ziwiri za kumutu kwa chigwiriro, ndipo siyenera kuoneka ntchito ikatha. Kuzani kukamwa kwa bowo pang'ono kuti pini ikafufuma idzaze malowo, apo ayi mukadzapala mutu wonse udzachoka ndipo mpeni udzayamba kugwedera pakangopita masabata ochepa. Musanamenye, lowetsani kachidutswa ka lezala pakati pa mpeni ndi khoma la m'kati mwa chigwiriro, kenako mukachotse mukamaliza. Mukaiwala lezalayo, mpeni udzamangika moti sudzatseguka ndi chikhadabo, ndipo mudzayenera kuboola pini yatsopanoyo n'kuyambiranso. Mukatsimikiza kuti ukutseguka ndi kutseka bwino, palani ndi tupa mpaka pafanane, kenako sandipepa ya nambala 400, ya 600, ndi ya 1000, kuyambira yokakala mpaka yosalala, mutaikulunga pakathabwa kafulati kuti m'mphepete musagwe. Fupa mulikute ndi tepi nthawi yonseyi.

Kuti pini isaoneke, chitsulo chake chifanane ndi cha pamalopo. Mipeni yambiri yakale ya ku Sheffield ndi ku Solingen ku Germany ili ndi zitsulo zoyera za nickel silver, chimene ndi chosakaniza cha kopa, nickel ndi zinc, chopanda siliva ngakhale dzina likutero. Mukaikapo pini ya mkuwa wachikasu, kadontho kachikasu kadzaonekera kutali, ndipo mukaikapo msomali, kadzachita dzimbiri n'kudetsa pozungulira. Pa mapini achikasu a pachigwiriro, ine ndimapita kwa owotcherera zitsulo ndi gasi kukagula waya wawo wa mkuwa, umene umapezeka wa mamilimita 1.6, 2.4 ndi 3.2. Ndodo imodzi ya wayayu si yokwera mtengo kwenikweni ndipo imakwanira mipeni yambirimbiri. Vuto lake ndi lakuti ndi wolimba kuposa mkuwa wa mapini enieni, choncho muyambe mwauwotcha mpaka ufiire pang'ono, muusiye uzizire, ndipo mudzaona kuti ukufufuma mosavuta popanda kung'aluka m'mphepete.

Musanakhudze mpeni wa agogo, tengani fupa la ng'ombe louma, mubooremo mabowo asanu kapena asanu ndi limodzi, muyeserepo mapini mpaka dzanja lizolowere kulemera kwa hamala. Ndipo ngati pali mapini akale amene akugwirabe bwino, asiyeni momwemo ngakhale akuoneka akuda. Apukuteni ndi kansalu kokha, musawapale.