Kwa achemwali ofunsa za ulendo wa ku Nkhotakota

Achemwali mwafunsa zoti mupite ndi ana ku Nkhotakota pa holide ino, kokagona ndi zoti akaone za mbiri. Za malo ogona ena ayankha kale, ine ndingonenapo za mbiriyo poti ndinakhalako zaka zingapo, komanso ndaona ena apa akungokutchulirani ma lodge a kugombe ngati ku Nkhotakota kuli mchenga wokha.

Mukatsika basi pa msewu wa M5 paja pali ma shopu ndi mabanki musaganize kuti mwaiona tauni, kumeneko ndi kwatsopano, kunakula chifukwa cha tala. Nkhotakota weniweni ali kumunsi kunyanja. Kwerani kabaza, nthawi yomwe ndinkakhalako sankapitilira ma 2 pin, muzitsetsereka kulowera ku doko. Kumeneko ndi komwe Jumbe Salim bin Abdallah, Mswahili uja, anadzakhazikika cha m'ma 1840 m'dera la mfumu Malengachanzi, ndipo kamudzi ka asodzi kanasanduka msika wa minyanga ndi akapolo. Anthu ankawalonga m'zombo zamatanga kuwaolotsa nyanja, kenako wapansi mpaka ku Kilwa kugombe la Tanzania. Mpunga womwe tonse timaupopa uja ndi chisilamu zinazika mizu nthawi yomweyo, nchifukwa chake mukamayenda mumakumana ndi azibambo a mikanjo ndi timizikiti paliponse.

Malo anga okondedwa ndi ku mishoni ya Anglican. Pafupi ndi chipatala cha St Anne's pali mkuyu waukulu womwe amati Livingstone anakambirana pansi pake ndi Jumbe kuti asiye malonda a anthu, Livingstoneyo anafika koyamba mu 1861, koma malondawo sanathe mpaka azungu a boma atachotsa Jumbe womaliza (poti Jumbe linali dzina la udindo) m'ma 1890 nkumutumiza ku Zanzibar. Mulowenso mu tchalitchi cha All Saints, muli manda a bishopu Chauncy Maples amene anamira pa nyanja mu 1895, sitima yakale ija inatenga dzina lake. Ana amachita chidwi heavy akamva zimenezo. Mu 1960 Kamuzu anachititsanso msonkhano waukulu wa chipani cha Congress komweko, nthawi imeneyo akuti Kota Kota.

Koma chenjezo, pamtengopo pamakhala tianyamata todzitcha ma gaidi. Wina anandidya 5 pin kalekale ndili ndi alendo, nkutiuza nkhani zopeka zokhazokha, eti Livingstone anadzala yekha mtengowo, ine manyazi. Funsani akuluakulu a pa mishoni pomwepo, mukawapatsa kangachepe ka fanta basi.

China, musapite nthawi ya mvula. Msewu wochokera ku Salima uli ndi timilatho topapatiza, madzi akasefukira mumagona panjira, ine ndinagonapo mu minibasi ndi udzudzu wosaneneka. Neti ndi mankhwala opaka musaiwale, malungo akumeneko sanamizira. Ana musawalole kusamba m'mabango kapena ku kanyanja ka Chia, kuli ng'ona ndi likodzo.

Pobwerera gulani mpunga kumsika osati wa pamsewu, ameneuja amasakaniza ndi woswekasweka pansi pa thumba. Lowetsani dzanja mpaka pansi musanalipire.