Funsani Amalume: Lekichala wa histole akutani pa wailesi?

FUNSO: Amalume, ine ndili chaka chachiwiri ku yunivesite, ndikupanga histole ndi filosofi. Tili ndi lekichala wina amene lero mummva pa wailesi, mawa walemba mu nyuzi, mkuja ali pa public lecture akutsutsana ndi akuluakulu aboma, nde anzanga a engineering amandiseka kuti ma humanities ndi sukulu yolongolola basi, akuti mkuluyo akungosaka mpando wa ndale. Ndayamba kukayika nane. Imeneyi ndi ntchito yake kapena akuthawa kalasi? — Wokayika

YANKHO: Mphwanga, ndiyambe ndakufunsa iwe. Kalasi amabwera? Asayimenti yako anachonga nkukubwezera ili ndi ndemanga zoti wawerenga nkuphunzirapo kanthu? Ngati ayi, akuthawadi ntchito ndipo wailesiyo isamuteteze. Koma ngati kalasi amabwera, anzako a engineering aja alakwitsa, ndipo ndikuuza chifukwa chake.

Wa engineering akamaliza kafukufuku wake pamaoneka mlatho kaya makina, anthu amagwiritsa ntchito ngakhale sanawerenge pepala lake. Wa histole alibe mlatho. Iye akakhala zaka mu archive kufukula makalata akale, nkupeza kuti nkhani imene anthu onse amaikhulupirira yokhudza malo kaya malire kaya nkhondo inayake siinayende choncho, zomwe wapezazo zimagwira ntchito pokhapokha anthu azimva, akwiya nazo, atsutsana nazo, ena nkusintha maganizo. Akazitsekera mu ofesi ndiye kuti ntchito waisiyira panjira.

Tenga Walter Rodney wa ku Guyana. Anamaliza PhD yake ku yunivesite ya SOAS ku London mu 1966 ali ndi zaka 24, pa mbiri ya dera la Upper Guinea Coast kumadzulo kwa Africa, ntchito yotopetsa yowerenga zikalata zakalekale za azungu amalonda ndi amishoni. Mu 1968 akuphunzitsa ku University of the West Indies ku Jamaica, ankatuluka pa kampasi kukakhala pansi ndi ma Rasta ndi anthu osauka a mu Kingston nkumakambirana nawo mbiri ya Africa yomwe ija. Boma linachita naye mantha mpaka mu Okutobala chaka chomwecho, atapita ku msonkhano ku Montreal, linamuletsa kubwereranso mdzikomo, ophunzira nkukhamukira mumsewu, mzinda nkuvuta. Tsono ona bwino, boma silinaope buku lake la PhD, linaopa kuti zamubukumo zafika kwa anthu amene sanaponde pa yunivesite.

Chaka chomwecho cha 1968 ku Nairobi malekichala atatu, Ngugi wa Thiong'o, Taban lo Liyong ndi Henry Owuor-Anyumba, analemba kakalata kamkati mwa yunivesite konena kuti dipatimenti ya Chingerezi ithetsedwe, mmalo mwake pakhale ya zolemba ndi zilankhulo za mu Africa. Kakalata ka ku miting'i chabe, koma mtsutso wake unafalikira mmayunivesite ambiri ndipo mpaka pano sunazilale. Ngugi yemweyo anamumanga mu Disembala 1977 chifukwa cha sewero la m'Chigikuyu limene anapanga ndi anthu wamba a ku Kamiriithu, anakhala chaka ku ndende ya Kamiti osazengedwa mlandu. Jack Mapanje naye, mmodzi wa amene anayambitsa Writers Group ku Chancellor College mu 1970, gulu loti ophunzira ndi malekichala ankakhala pamodzi kumang'amba ndakatulo za anzawo mosanyengerera, anamutsekera ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991, nayenso popanda mlandu. Maboma satsekera munthu amene amangolongolola zopanda pake, amangomusiya.

Koma usathamangire kukamuombera mmanja lekichala wakoyo, chifukwa onamizira aliponso ndipo ndi ambiri. Kuli mapulofesa amene anasiya kuwerenga kalekale koma foni ya mtolankhani ikalira amayankha chilichonse, lero za chuma, mawa za mpira, mkuja za matenda, onsewo pa dzina loti "katswiri". Iwe muyese chonchi. Akamalankhula, kodi akulankhula za zimene anafufuza yekha kapena zoyandikana nazo? Ukamufunsa kuti izi mwazitenga kuti, amakuuza buku kaya chikalata choti nawe ukhoza kukachipeza ku laibulale, kapena amangokuopseza ndi madigiri ake? Ndipo chachikulu kwa ine, amadzudzula mbali imodzi yokha nthawi zonse? Amene amakalipa chipani china chikamalamula nkukhala duu chake chikalowa, ameneyo anzako aja akunena zoona, akusaka mpando. Akatswiri a maphunziro a mu Africa atakumana ku Kampala mu 1990 analemba chikalata chofuna ufulu wa kuganiza ndi kulankhula, koma mchikalata chomwecho anadziikiranso udindo kwa anthu, sanangopempha ufulu okha ayi.

FUNSO: Amalume, ine si wa ku yunivesite, ndimangokonda kuwerenga. Bwanji anthu ophunzirawa amalemba Chingerezi chovuta mma journal oti kuti uwerenge pepala limodzi pa intaneti akuti lipira kaye? Akubisa chani? — Wokonda mabuku

YANKHO: Achimwene, sakubisa kanthu, akusaka kukwezedwa. Mmayunivesite ambiri kuti lekichala akhale senior lecturer kenako pulofesa akuluakulu amayang'ana kuchuluka kwa mapepala amene watulutsa mma journal, magazini a akatswiri, oti akatswiri anzake awiri kapena atatu awaunika kaye, nthawi zambiri mosadziwa wolemba. Nkhani ya mu nyuzi, ngakhale iwerengedwe ndi anthu masauzande, pa fomu yokwezera imalemera pang'ono kapena osalemera nkomwe. Ndalama mukulipirazo sizipita kwa wolemba, zimapita ku kampani yosindikiza, wolembayo ndi ounika aja nthawi zambiri sapatsidwa kalikonse. Kuunikako ineyo ndimakuikira kumbuyo chifukwa nkumene kumasefa bodza, koma Chingerezi chopotana chija nthawi zambiri ndi ulesi chabe kaya mantha oti akalemba zomveka anzawo amuyesa wopepuka. Zikusintha pang'onopang'ono, kuli ma journal a open access aulere, kulinso webusaiti ya The Conversation imene inayamba ku Australia mu 2011 nkutsegula gawo la Africa mu 2015, kumene malekichala amalemba mwachidule mothandizidwa ndi akonzi. Ndipo mukapeza pepala lotsekedwa, lemberani wolembayo imelo mwaulemu, ambiri amatumiza ndi chimwemwe poti sayembekeza kuti wina kunja kuno akuwafuna.

FUNSO: Kodi munthu wamba angalowe nawo pa public lecture, kapena mpaka ukhale ndi ID ya sukulu? — Mayi wa ana atatu

YANKHO: Mayi, ikalembedwa kuti public ndiye kuti ndi yanu, pitani. Makamaka muzisaka imene amaitcha inaugural lecture, yomwe munthu amapereka akangokwezedwa kukhala pulofesa, chifukwa pamenepo amakakamizika kufotokoza ntchito ya moyo wake wonse mu ola limodzi pamaso pa abale ake ndi anthu oti si a phunziro lake, nde amayesetsa kulankhula zomveka. Nthawi ya mafunso ikafika imikani dzanja musaope, bola funso likhale funso, lalifupi, osati kulanda maiki nkuyamba lekicha yanuyanu ngati mmene amachitira abambo ena akutsogolo kuja. Pa geti akhoza kukufunsani chiphaso chilichonse, nde nyamulani chanu.