Tochi yophethira yawaitanitsa kupolisi: loya akuyankha

Bambo wina wa kantemba ku Chawama, mu Lusaka ku Zambia, akuti anagula ku Kamwala tochi yowala kwambiri, ija imaphethiraphethira mothamanga mpaka munthu kuchita chizungulire. Usiku wina anapeza mnyamata akuphwanya loko, namuwalitsa kumaso. Mnyamatayo anathawa, iwo namulondola akumuwalitsabe, mpaka anagwera m'ngalande, nayamba kuphupha ndi khunyu, mkono n'kuthyoka. Makolo ake adandaula kupolisi. Bamboyo akufunsa ngati tochiyo ndi yoletsedwa, ndi choti achite.

Bambo, za tochiyo musade nazo nkhawa kwambiri. Lamulo la mfuti, Chapter 110, limakhudza zida zotulutsa chipolopolo ndi zina zotero, ndipo tochi siifuna laisensi ya mfuti. Koma samalani pakamwa. Gawo 85 la Penal Code (lamulo la milandu ndi zilango zake), Chapter 87, limaletsa kusunga chida chovulazira anthu popanda chifukwa chomveka, ndipo ngakhale ndodo kapena mwala zimalowa m'gulu limeneli ngati cholinga cha mwini wake n'kuvulaza. Kunena kuti munagula yolondera katundu ndi nkhani ina, kudzitama kuti munagula "yokhaulitsira anyamata" ndi inanso.

Pamene pagona mlandu ndi pa gawo 17. Limakulolani kugwiritsa ntchito mphamvu poteteza thupi lanu kapena katundu wanu, bola mphamvuyo isapyole imene ikufunika kuletsa chiwembucho. Kuwalitsa munthu amene wagwira loko wanu usiku, sindikuona mejisitireti amene angakudzudzuleni, pajatu ambiri akanatola chikwanje. Vuto ndi mtunda uja munamulondola. Woimira boma adzati chiwembu chinatha pomwe mnyamatayo anatembenuka. Ife tidzayankha ndi gawo 31 la Criminal Procedure Code (lamulo la kayendetsedwe ka milandu), Chapter 88, lomwe limalola munthu wamba kugwira wakuba amene wamuona ndi maso n'kukamupereka kupolisi msanga. Choncho funso lomwe mudzakumane nalo ndi lakuti: mumafuna kumugwira, kapena kumulanga?

Zoti simunkadziwa kuti amadwala khunyu zingakuchepetsereni chilango, koma sizifafaniza mlandu ngati khoti lapeza kuti munapyola muyeso. Kuwala kophethira maulendo 3 mpaka 30 pa sekondi kumadzutsa khunyu mwa ena odwala matendawa. Zida zoterezi zimapangidwa dala kuti zisokoneze munthu. Ku America, kampani ya Intelligent Optical Systems inaonetsa tochi yotchedwa LED Incapacitator mu 2007, yopangira achitetezo kuti ogwidwa azimva chizungulire ndi nseru. Ndiye musakanene kuti "ndi nyali chabe", sizikakuthandizani.

Mlandu umene angakutsegulireni ndi wa gawo 248 la Penal Code, kuvulaza munthu, womwe chilango chake chimafika zaka 5. Lipoti la dokotala likasonyeza kuvulala kwakukulu, atha kuukweza kufika pa gawo 229, la zaka 7.

Kupolisi pitani, musabisale, ndipo mupite ndi loya kapena wachibale wamkulu. Akakuchenjezani kuti zonena zanu zidzakhala umboni, muli ndi ufulu wokhala chete, ndipo musasaine pepala limene simunawerengeredwe m'chilankhulo chomwe mukumva. Akakutsekerani, gawo 33 la Criminal Procedure Code limafuna kuti ngati sangakufikitseni kukhoti pasanathe maola 24, aone zokutulutsani pa bondi, pokhapokha mlandu ukhale waukulu. Bondi ya polisi ndi yaulere, ingokonzani anthu awiri okuimirirani, okhala ndi ziphaso ndi malo odziwika. Ndalama ya loya ikasowa, pitani ku Legal Aid Board.

Nanunso katsegulitseni dandaulo la kuthyoledwa kwa kantemba. Loko wophwanyikayo musataye, mujambuleni, ndipo aneba amene anamva phokoso alembedwe maina. Tochiyonso isasowe.

Makolo akabwera kudzapempha ndalama kuti "nkhani ithere panja", musapereke kuseri. Gawo 8 la Criminal Procedure Code limalola khoti la mejisitireti kuyanjanitsa anthu pa milandu ing'onoing'ono yovulazana, chipukuta misozi n'kulembedwa pamaso pa khoti, mlandu n'kuimitsidwa. Njira imeneyi ndi yotseguka pa gawo 248, koma pa 229 palibe.