Mfarisi ndi wamsonkho uja, ndikuyankheni nonse awiri

Adzukulu anga, mafunso anu awiri andipeza ndipo ndiwayankha pamodzi, chifukwa ngakhale eni akenu simudziwana nkhani yanu ndi imodzi. Woyamba ndi mnyamata wa ku Ndirande, akuti iye ndi wakwaya, mowa salawa, atsikana sathamanga nawo, chakhumi sadumphitsa ngakhale malipiro achedwe, ndiye chamuwawa nchakuti mtsikana wina amene anadulidwa chifukwa cha mimba wabwezeretsedwa ndipo pa mgonero wapitawu anakhala naye benchi imodzi, ndiye akuti agogo, nanga kudzisunga kwangaku phindu lake nchiyani ngati mapeto ake tonse tikudya pa gome limodzi? Wachiwiri ndi mtsikana wa ku Chilomoni, iyeyu ali tsidya linalo, anachimwitsidwa, mwana anabadwa, kutchalitchi anasiya kupondako chifukwa akuti akangoganiza maso a amayi a mumpingo miyendo imalemera, ndiye akufunsa kuti asale kudya masiku angati kapena apereke zingati kuti ayambe wayera kaye kenako abwerere.

Nonse awiri tsegulani Luka 18, kuyambira ndime 9 mpaka 14, ndi kankhani kakafupi zedi, mukhoza kukamaliza minibasi isanadzadze pa siteji. Luka sanabise, wanena poyambirira pomwe kuti Yesu fanizoli ankauza anthu amene ankadzikhulupirira okha kuti ndi olungama nkumapeputsa anzawo. Anthu awiri anakwera ku Kachisi kukapemphera, wina Mfarisi wina wamsonkho. Mfarisi anaimirira nkuthokoza Mulungu kuti iye sali ngati anthu ena, olanda, osalungama, achigololo, kapenanso ngati wamsonkho uyu, nkuwonjezera kuti amasala kudya kawiri pa sabata ndipo amapereka chakhumi cha zonse zimene amapeza. Wamsonkho anaima patali, ngakhale maso kumwamba sanakweze, ankangodziguguda pachifuwa nkumati Mulungu mundichitire chifundo, ine wochimwa. Basi pemphero lake linathera pomwepo. Ndipo Yesu akuti amene anatsikira kwawo woyesedwa wolungama ndi wamsonkhoyu, osati winayo.

Tsono musathamangire kumutukwana Mfarisi, pajatu tinazolowera kuti ukangomva dzinali ndiye kuti munthu wachinyengo, koma mufanizoli palibe pamene akuti ananama. Zonse zimene ananenazo ankachitadi, ndipo ankapitirira muyezo. Chilamulo cha Mose kusala kumene chinalamula aliyense ndi kwa tsiku limodzi pa chaka, Tsiku la Chitetezo lija la pa Levitiko 16, koma iye kawiri sabata iliyonse, mwambo wawo unali Lolemba ndi Lachinayi. Pa chakhumi ndiye osanena, pa Mateyu 23:23 tikumva kuti anthu amenewa ankawerengera ngakhale timasamba tonunkhiritsa ndiwo. Munthu wotereyu atabwera mumpingo mwathu lero chaka sichingathe tisanamupatse ukulu wampingo, mwinanso nkumusungitsa chuma, ndipo makolo onse a ana aakazi angamamupatse moni wapadera.

Wamsonkhonso musamuone ngati munthu wovala tayi wa ku Msonkho House, ayi, awo ali pa ntchito ya dziko lawo lomwe. Uyu ankatolera ndalama za Ayuda anzake kupititsa kwa olamulira, dziko lili m'manja mwa Aroma, ndipo phindu lake linkachokera pa zowonjezera zimene ankaikapo yekha, nchifukwa chake pa Luka 3:13 Yohane Mbatizi anawauza amisonkho kuti musamalipitse zoposa zimene anakulamulani. Ife achikulire timamva msanga chifukwa makolo athu ankatisimbira za msonkho wa nyumba umene atsamunda anabweretsa m'zaka za m'ma 1890 nthawi ya Harry Johnston, anthu kukakamizika kukagwira ntchito m'maesiteti kuti apeze ya msonkho, ndipo wobwera kudzakusaka pakhomo sanali mzungu, anali mesenjala wakhungu ngati lako lomwe. Ndiye taganiza munthu ameneyo mwakumana naye m'nyumba yopemphereramo. Ndikhulupirira kuti anthu amene ankamvetsera Yesu tsiku limenelo sanawombe m'manja, ziyenera kuti zinawawawa ngati mmene zakuwawira iwe wa ku Ndirande.

Ndiyambe ndi iweyo mdzukulu wanga. Kudzisunga kwakoko ndi kwabwino ndipo usasiye, sindikufuna mawa ndimve zoti agogo anati kaledzereni. Phindu lake ukuliona kale, thupi lako lili bwino, ndalama zako zikufika kwa amayi ako, palibe mwana wa munthu amene akulira chifukwa cha iwe, zimenezo si zazing'ono. Koma funso lako landidandaulitsa pa chinthu chimodzi, unapita ku gome la Ambuye ndipo chimene wabwerako nacho ndi nkhani ya amene anakhala pambali pako. Werenganso pemphero la Mfarisi, layamba bwinobwino ndi dzina la Mulungu, kenako ndi ine, ine, ine, ndipo diso lili pa wamsonkho. Sanapemphe kalikonse. Munthu wakwera phiri lonse lija kukafika ku Kachisi, malo amene tsiku ndi tsiku m'mawa ndi madzulo ankapherako mwana wankhosa wa nsembe monga akunenera pa Eksodo 29, iye osaona kuti nsembe imeneyo ikumukhudza, wabwera kudzapereka lipoti. Wosapempha kanthu anabwerera wopanda kanthu, si kuti Mulungu anamumana. Ndipo iweyo ukudziyeza ndi mtsikana uja chifukwa tchimo lake linaoneka pamimba, koma pali ena angati m'kwaya momwemo amene zawo sizinatuluke, nanga za mumtima mwako ndi za mufoni mwako usiku ndani anaziyeza? Paja amati anyani amasekana zikundu. Aroma 3:23 akuti onse anachimwa naperewera pa ulemerero wa Mulungu, ndipo ndime yotsatira ikuti ayesedwa olungama kwaulere ndi chisomo chake mwa chiwombolo cha mwa Khristu Yesu. Pa onse pamenepo wakwaya alipo.

Chiphunzitso chimenechi sichinayambe ndi Paulo amene analemba Aroma. Pa Genesis 15:6 Abrahamu anakhulupirira Yehova ndipo kunawerengedwa kwa iye chilungamo, nthawi imeneyo mdulidwe unali usanabwere, ukubwera pa mutu 17, ndipo Chilamulo cha Mose chinali kutali zedi, ndi mfundo imene Paulo akuitambasula pa Aroma 4. Paulo yemweyo anali Mfarisi weniweni, pa Afilipi 3 akuwerenga yekha mbiri yake, wodulidwa tsiku lachisanu ndi chitatu, wa fuko la Benjamini, pa chilungamo cha m'Chilamulo wopanda chomunenera, kenako akuti zonsezo anaziyesa zinyalala kuti apezeke mwa Khristu wosakhala ndi chilungamo chakechake koma chochokera kwa Mulungu mwa chikhulupiriro. Uyu ndi munthu amene mndandanda wake unali wautali kuposa wako.

Iwe wa ku Chilomoni, funso lako lakuti ndipereke zingati ndi lakale kwambiri, linagwedezapo Ulaya yense. Mu 1517 ku Germany kunali mlaliki wina Johann Tetzel amene ankagulitsa zikalata zoti munthu akazigula, chilango cha machimo chimachotsedwa, ndiye Martin Luther, amene anali wansembe komanso mphunzitsi wa Baibulo ku Wittenberg, analemba mfundo zake 95 zotsutsa malonda amenewo. Luther mwini wakeyo anali atadzizunza zaka zambiri ndi kusala kudya ndi kuulula machimo mtima osapeza mtendere, mpaka pamene anamvetsa mawu a pa Aroma 1:17, ochokera kwa mneneri Habakuku, akuti wolungama adzakhala ndi moyo ndi chikhulupiriro. Moto umenewo unafika ku Scotland, ndipo a ku Scotland ndi amene anadzatsegula mishoni kuno ku Blantyre mu 1876, pamene pali tchalitchi cha St Michael and All Angels paja, chimene chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. Ndipo inu adzukulu anga a Katolika musaone ngati ndikukulasani, pa 31 Okutobala 1999 ku Augsburg mpingo wa Katolika ndi a Lutheran anasainirana chikalata chovomerezana kuti munthu amalandiridwa ndi Mulungu mwa chisomo chokha pokhulupirira ntchito ya Khristu osati chifukwa cha kuyenera kwake, a Methodist anadzalowa nawo mu 2006 ndipo mipingo ya Reformed mu 2017. Akuluakulu anagwirana chanza, otsala kukangana ndife a m'maminibasi. Chimene chimandiwawa nchakuti malonda a Tetzel aja abweranso atavala suti, mumva bwera ndi mbewu yakuti kuti tsoka lichoke, gula botolo la madzi, gula mafuta, ndipo amene amagwidwa ndi anthu ngati iweyo, a mtima wosweka amene akuganiza kuti Mulungu ali ndi mtengo. Ndalama imeneyo kagulire mwana sopo ndi likuni phala.

Ndiye taona dongosolo la wamsonkho. Sanayambe wapita kukakonza mbiri yake kenako nkubwera, anabwera mmene analiri, anaima patali inde koma anali mkati mwa bwalo la Kachisi, sanatsale kunyumba. Sanatchule chifukwa, sananene kuti ndi umphawi kapena ndi Aroma amene anandilemba ntchito, sanalozenso Mfarisi kuti uyunso ali ndi zake, anangotchula tchimo lake nkupempha chifundo. Kukhulupirira ndi kumeneko, kusiya kudalira zimene uli nazo m'manja nkutsamira pa zimene Mulungu analonjeza ndi zimene Khristu anachita pamtanda. Kusala kudya si koipa, ukafuna sala, koma osati ngati malipiro. Manyazi akowo ndikuwamva ndipo sindikunamiza kuti maso sadzakuyang'ana, adzakuyang'ana ndithu, ena adzakodolana, ine ndakalambira m'mabenchi amenewo ndimawadziwa. Koma chigamulo chimene Yesu ananena pa ndime 14 sanayambe wafunsa maganizo a amene anali m'Kachisi tsiku limenelo.

Ndikudziwa pali wina akuwerenga akumwetulira kuti ohoo, ndiye kuti Loweruka ndikhoza kukagona ku Kamba, Lamulungu nkudziguguda pachifuwa basi zatha. Ayi mwanawe. Tembenuza tsamba limodzi lokha, Luka 19, upeza wamsonkho wina wa dzina, Zakeyu wa ku Yeriko, ndipo uyu anali mkulu wa amisonkho, wolemera. Yesu sanamuuze kuti yamba wabweza ndalama ndiye ndidzabwere kwanu, anangoti tsika msanga lero ndikhala kunyumba kwako, anthu nkumang'ung'udza. Atalandiridwa ndi pamene Zakeyu anaimirira yekha nkunena kuti theka la chuma changa ndipatsa osauka ndipo amene ndinamulanda ndimubwezera kanayi. Kubweza kunabwera pambuyo, koma kunabwera. Aefeso 2 ndime 8 ndi 9 amene mumakonda kuloweza akuti mwapulumutsidwa ndi chisomo mwa chikhulupiriro osati ndi ntchito kuti wina asadzitame, koma ambiri mumaimira pomwepo, ndime 10 ikuti tinalengedwa mwa Khristu Yesu kuti tichite ntchito zabwino. Yakobo 2 ndiye sanyengerera, chikhulupiriro chopanda ntchito nchakufa. Munthu amene akuti Mulungu anandichitira chifundo koma ngongole ya mnzake ya pa Airtel Money sakubweza ndipo foni akuithimitsa dala, ine ndimakayika ngati pachifuwa paja anadzigugudadi kapena ankangokanda.

Msampha wina ndi uwu, ndipo umagwira kwambiri achinyamata amene anakhumudwa ndi tchalitchi. Mumawerenga fanizoli nkumati zikomo Mulungu kuti ine sindili ngati Afarisi a mumpingo aja, ine ndimamwa poyera sindibisa. Tamvetsera bwino, pemphero limenelo ndi la Mfarisi lomwe lija, wangosintha munthu womuloza.

Pa khalidwe la tsiku ndi tsiku ndinene pang'ono. Pa pepala sande akamaitana mayina ndi ndalama pa maikolofoni, perekani mmene mwathera koma musamawerengere mnzanu amene waponya zochepa, simudziwa chimene wasiya kunyumba. Mukathandiza wodwala ku Queens kapena mwana wamasiye sikuti mpaka chithunzi chikwere pa status ya WhatsApp nkhope ya mwini wake ili poyera. Ndipo wobwezeretsedwa akabwera mupatseni moni ngati mmene mumaperekera kwa wina aliyense, osati moni wachisoni uja wa pamaliro wopendeketsa mutu, umenewo umapweteka kuposa kungomudutsa.

Iwe wa ku Ndirande, pa mgonero wotsatira ukakhalanso pafupi ndi mtsikana uja mupatsire mbale ndi manja awiri, ndipo ukamapemphera yesa kumaliza pemphero lonse osatchula munthu wina kupatula amene ukumupempherera zabwino. Iwe wa ku Chilomoni, usadikire Lamulungu, pita mkati mwa sabata kwa mkulu wampingo wa dera lanu kapena kwa mayi mmodzi wachikulire amene umamukhulupirira, uwauze kuti ukufuna kubwerera, akakuika m'kalasi lowa ndipo umalize, kalasi imeneyo ndi dongosolo la mpingo lokuthandiza kuima bwino, si kumene chikhululukiro chimagulidwa. Mwana umutenge, usamusiye kwa aneba ngati chinthu chobisa. Ndipo undilemberenso undiuze za bambo wa mwanayo, chifukwa m'kalata mwako simunamveke ngati amathandiza kapena ngati akwawo anabwera kudzakumana ndi amalume ako, nkhani imeneyo nayonso ikufunika kuikhalira pansi.